Manja a Loweruka ndi Manja a Lachinayi

Panali munthu wina m'tauni ya Zomba, mtsikana dzina lake Ndaziona, amene chakudya chake chinkachokera ku zala zake. Ankagwira ntchito m'kachipinda kena pafupi ndi msika, momwe anthu amatayipitsa zolemba zawo ndi kuchita fotokope. Kunkabwera ophunzira a ku koleji ndi mapepala awo olemba pamanja, alembi a mipingo ndi malipoti awo, komanso anthu ofuna ntchito. Ndaziona ankakhala pakona, nkhope ku kompyuta, msana kwa anthu, n'kumatayipa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pakonapo ankapakonda, chifukwa panalibe womufunsa zambiri.

Patapita nthawi manja anayamba kumuvuta. Poyamba kunali kutopa chabe. Kenako ululu unakhazikika polumikizira dzanja ndi mkono, n'kumakwera mpaka m'chigongono. Masiku ena ankadzuka zala zili dzanzi, moti ngakhale kumanga chitenje kunkamutengera nthawi. Kuchipatala anamuuza kuti apumitse manja, ndiponso kuti aone bwino chimene amatayipirapo. Kupuma sakanatha. Choncho maganizo ake onse anathera pa kiyibodi, kathabwa ka mabatani kamene zala zake zinkaswerapo.

Kiyibodi ya pantchitopo inali yakale, ya mabatani ouma, ofuna kuwakanikiza ndi mphamvu. Ndaziona anazengereza masiku ambiri asanauze a Kaliwo, eni malowo. Iwo anamuyankha kuti ena onse amene anakhalapo pampandopo ankagwiritsa ntchito yomweyo, ndipo ngati akufuna ina agule yekha. Kenako, maso ali pa foni, anawonjezera kuti ntchito yake yayamba kuchedwa, ndi kuti mwana wa mlongo wawo wangomaliza kumene kosi ya makompyuta koma akungokhala pakhomo.

Ndaziona anamva zonse, zonenedwa ndi zosanenedwa. Kuyambira tsikulo mtima wake sunakhalenso pansi.

A Kaliwo anali opembedza pa Sabata, ndipo ankatseka malowo Lachisanu masana. Pofika Loweruka m'mawa manja a Ndaziona ankakhala atapuma, ululu utabisala. Ndiye tsiku limene ankapita kukasankha. Ankasamba, kudzola, kuvala diresi yabwino, n'kulunjika ku shopu ya makompyuta imene inali kumtunda kwa depoti.

Loweruka m'shopumo munkadzaza anthu. Mwini wake anali bambo wa pakamwa pokoma. Ankakwera pa kampando, kutsitsa katoni pa shelefu yapamwamba, kulumikiza kiyibodi ku kompyuta, n'kumuuza kuti ayese. Kumbuyo kwake anthu ankadikira, ena akusuzumira paphewa pake. Ndaziona ankatayipa dzina lake ndi dzina la mudzi wa kwawo. Mabatani ankalira bwino. Bamboyo akafunsa kuti ili bwanji, iye ankati ili bwino. Sankanama, pakuti pa nthawiyo inalidi bwino. Ndipo ngakhale ikanakhala kuti siili bwino, akanayamba bwanji kuuza munthu wamkulu, amene wakwera pa kampando chifukwa cha iye, kuti abwezere katundu m'katoni?

Yoyamba imene anagula inali ya mabatani ataliatali olira mokoma. Lolemba anasangalala nayo. Pofika Lachitatu anaona kuti kutalika kwake kunkamupinditsa manja chakumwamba tsiku lonse. Yachiwiri inali yaing'ono, yopyapyala ngati chikuto cha buku. Imeneyo inamupanikiza zigongono m'nthiti, ululu n'kusamukira m'mapewa. Ina inali yoyaka timagetsi ta mitundumitundu, ndipo za imeneyo Ndaziona sankafuna n'kukamba komwe. Zonse zinathera pansi pa bedi, zina n'kumatulukanso, pakuti ankatha kubwerera kwa yoyamba poganiza kuti mwina anaiweruza msanga.

Fanesi, mnzake wochita fotokope, sankamusiya.

"Iwe Ndazi, shopu yakoyo ukutsegula liti? Ukadzamasankha amuna chonchi, ife miyendo idzatha n'kuvina."

Ndaziona ankangomwetulira. Fanesi yemweyo ndi amene ankamutsegulira botolo la madzi masana, n'kuliika patebulo, chifukwa anali ataona kuti mnzakeyo chitsekerero chikumukanika.

Koma mpumulo panalibe. Akalowa ku banki, maso ankathamangira pa kiyibodi ya wolandira ndalama. M'minibasi zala zinkayendayenda pa maondo. Kutchalitchi ankapezeka akufinya dzanja, ulaliki ukumudutsa. Pantchito ankaika buku pansi pa kiyibodi, kulichotsa, kusuntha mpando, kuubwezanso. Ndipo nthawi zonse a Kaliwo akadutsa kumbuyo kwake, ankamva maso awo akuyeza mulu wa mapepala umene sunkatsika.

Inafika nyengo imene ophunzira amapereka zolemba zawo zomaliza. Mayi wina, mphunzitsi amene anabwerera kusukulu atakula, anasiya mulu waukulu wolemba pamanja, ndipo unkafunika Lachisanu m'mawa. Lachinayi masana, ntchito ili pakati, magetsi anazima. A Kaliwo anaimirira pakhomo n'kunena kuti za magetsi sizikuwakhudza, ntchito ya mayi aja isagone. Sanatchule za mwana wa mlongo wawo. Panalibe chifukwa chotchulira.

Ndaziona anatenga fulashi imene ankasungamo ntchitoyo, kukulunga mapepala m'chitenje, n'kutuluka. Manja anali akutentha ngati wawaviika m'madzi owira. Malo a magetsi a dzuwa amene ankawadziwa anali amodzi okha: shopu ya makompyuta ija.

Anafika, n'kuima pakhomo. Anapitirira pang'ono, n'kubwereranso. M'shopumo munali zii. Mwini wake kunalibe. Kuseri kwa kauntala kunakhala akazi awo, akuluka chipewa cha mwana. Mayiwo anakweza maso n'kumuuza kuti alowe, dzuwa lingamuthere pamutu. Ndaziona anafotokoza vuto lake ndi mawu apansipansi. Asanamalize n'komwe, mayiwo anachotsa ulusi wawo pa mpando wa pa kompyuta yoyesera katundu, napukuta mpandowo ndi nsonga ya chitenje.

Kiyibodi imene inali pamenepo inali ya timagetsi, yofanana ndi imene inali pansi pa bedi lake. Ndaziona anayamba kutayipa. Mizere ingapo, n'kukutumula dzanja. Mizere ingapo, n'kulifinya pakati pa maondo. Mayi aja anaika zoluka pansi. Anapita pa shelefu ya makiyibodi oonetsa, natengapo imodzi, nazula chingwe cha inayo, nalowetsa chatsopanocho.

"Nanga iyi?"

"Ili bwino, mayi."

"Mwayankha musanaigwire n'komwe." Mayiwo ananena mosaseka, komanso mosakalipa. "Ine za makompyutazi sindizidziwa, ndimangolondera shopu abambo akachoka. Koma nkhope ya munthu amene akumva kuwawa ndimaidziwa. Tayipani kaye tsamba lonse. Palibe akukudikirani."

Ndaziona anatayipa. Ndipo anapeza chinthu chimene sanachipezepo Loweruka lililonse: manja otopa sachita manyazi. Ndime isanathe, manjawo anali atanena kale kuti mabatani awa ndi olimba. Ndaziona anapukusa mutu pang'ono, ndipo mayiwo anasintha. Yotsatira inamupotoza dzanja lamanzere. Ulendo uno ananena ndi pakamwa, monong'ona, kuti ikumupweteka. Mayiwo anasinthanso, osausa moyo, osayang'ana koloko.

Kenako inabwera ina yakuda, yotambalala, ya mabatani aafupi ndi ofewa, yokhala ndi kamalo kotsamiritsapo zikhatho kutsogolo kwake. Ndaziona anaizindikira. Anali ataigwirapo Loweruka lina, n'kuikankhira pambali chifukwa sinkalira, inkangomveka ngati chinthu chopanda moyo. Anaikapo zala n'kuyamba. Mayi aja anabwerera ku zoluka zawo.

Zolemba za mphunzitsi uja zinali zokhudza ana amene amafika Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga. Ndaziona anayamba kuzitsatira. Anafuna kudziwa chimene chinachitikira kamtsikana kena kamene kankaloweza tsamba lonse pamtima kuti aphunzitsi asakatulukire. Anatembenuza pepala, natembenuzanso lina. Pomwe ankakweza mutu, dzuwa linali litachoka pansi n'kukwera pakhoma, ndipo mulu wotsala unali utaphwa. Apa ndi pamene anakumbukira kuti ali ndi manja. Ululu unalipo, koma unali pomwe anausiya. Sunakule.

Nthawi yomweyo mwini shopu analowa, makasitomala awiri ali pambuyo pake. Atamuona anasangalala, namutcha kasitomala wake wa nthawi zonse. Ataona kiyibodi imene ankatayipirapo anaseka, nati imeneyo ndi ya m'maofesi wamba, yosayenera munthu wodziwa zinthu ngati iye. Anati katundu watsopano wafika dzulo. Ndaziona asanatsegule pakamwa, bamboyo anali atakwera kale pa kampando. Anatsitsa katoni yowala, nadula tepi ndi kiyi wa galimoto, nang'amba pulasitiki, nalumikiza chingwe.

Ndaziona anayang'ana pulasitiki yong'ambikayo. Makasitomala aja anayandikira kuti aone. Mawu ake a masiku onse, akuti ili bwino, anali atafika kale pa lilime. Anayang'ana kwa mayi aja, koma iwo maso anali pa ulusi. Sakanamuyankhira.

Anaika zala pa kiyibodi yatsopanoyo. Sanatayipe dzina lake. Anapitiriza ntchito ya mphunzitsi uja pomwe analekezera, mzere ndi mzere, anthu atamuimirira. Mabatani ankalira mokoma kwambiri. Ndime itatha, ululu unali utayamba kukwera m'chigongono.

Anachotsa manja n'kuwaika pamiyendo.

"Pepani bambo. Imeneyi ayi."

Bamboyo anati mwina sanaizolowere, pakuti zinthu zabwino zimafuna kuzizolowera.

"Ikundipweteka. Nditenga yakudayi."

Ndaziona anadikira kuti bamboyo akwiye, kapena kuti anthu aja aseke. Palibe chinachitika. Bamboyo anakanda kumutu, nati wogula ndiye bwana, napempha akazi awo selotepi yomatira katoni. Mmodzi wa makasitomala aja anafunsa ngati yakudayo ilipo ina. Mayi aja anazula chingwe cha yatsopano, nabwezeretsa cha yakuda, namuuza Ndaziona kuti amalize ntchito yake, iwo satseka msanga.

Mphunzitsi uja analandira zolemba zake Lachisanu m'mawa. Manja a Ndaziona sanachire tsiku limodzi. Iye anafunikabe kuphunzira kuimirira pakati pa ntchito, kutambasula zala, ndi kukweza mpando kuti mikono izikhala yowongoka. Koma mulu wa patebulo unayambanso kutsika, ndipo pakona paja anakhalapobe.

Inu amene mukumva fanizoli, ena mwa inu mudzadyera zala zanu ngati mtsikana uja. Mukamakasankha kiyibodi, musapite tsiku lopuma. Pitani mutaweruka, manja atatopa, mutanyamula ntchito yanu yeniyeni. Munthu wopuma chilichonse chimamukomera. Chimene chimalira bwino m'shopu si chimene chimakufikitsa madzulo, ndipo chokuyenera nthawi zambiri ndi chija umaiwala kuti chilipo.

Sindikunena za makiyibodi okha. Ntchito, nyumba, bwenzi, chilichonse chimene mudzakhale nacho tsiku ndi tsiku, chioneni pa tsiku lanu lotopa. Ndipo chikakupwetekani, nenani, ngakhale anthu akuyang'anani, ngakhale mawu atuluke akunjenjemera. Wogulitsa adzakhala atakuiwalani musanafike pokwerera minibasi. Manja mudzapita nawo kunyumba.