Chipatala Chimene Sichinkafuna Mankhwala

Panali munthu wina wophunzira kwambiri, mphunzitsi wa pa yunivesite, amene anamera imvi akufufuza funso limodzi: katundu akamachoka kosungira, amagamula ndani kumene apite ndi kuchuluka kwake? Anayendera madepoti, anafunsa madalaivala a malole, analemba mpaka zala kuchita zikang'a. Potsiriza anatulukira njira yogawira mankhwala: chipatala chilichonse chizilandira molingana ndi amene chagwiritsa ntchito mwezi wathawo. Mankhwala anasiya kuonongekera m'mashelefu. Akuluakulu anaomba m'manja, namunong'oneza kuti upulofesa uli pakhomo.

Tsiku lina, powerenga malipoti, anaona kachipatala kena ka kuseri kwa phiri kamene kwa miyezi isanu ndi iwiri sikanapereke ngakhale piritsi limodzi la khunyu. Anakwera galimoto kuti akaone dera lodalitsikalo.

Anapeza namwino, Mayi Nachisale, akutsuka dzanja la mayi wina dzina lake Esinati. Dzanjalo linali litapsa mpaka m'chigongono.

"Mayi, lipoti lanu likuti kuno kulibe odwala khunyu."

"Bwana, lipotilo silifunsa odwala. Limafunsa mapiritsi amene tapereka. Mlatho utakokoloka mu Januwale, lole sinabwere, ndiye tinalemba ziro. Mwezi wotsatira anatitumizira ziro yemweyo. Nanga tikanalemba chiyani? Odwala ndili nawo makumi atatu. Awa mukuwaonawa agwera pamoto kachiwiri tsopano."

Mkuluyo sanali mbuli. Anamvetsa zonse namwino asanatseke pakamwa. Akuti wakutsina khutu ndi mnansi. Koma buku limene analemba lofotokoza njira yake ija linali litapita kale kosindikiza, ndipo kukonza njirayo kunali kuvomera pamaso pa anzake kuti analakwa.

Anabwerera ku ofesi, natsegula kompyuta, nafufuta dzina la kachipatalako m'malipoti aja. M'munsi analembamo timawu ting'onoting'ono takuti ziwerengero za kumeneko n'zosadalirika. Zosadalirika! Chonsecho namwino uja ndi amene ananena zoona pa anthu onsewo.

Upulofesa anaupeza, phwando linadyedwa. Lole inapitiriza kulambalala phiri lija. Mvula itayambanso, matenda a khunyu aja anamugwira Esinati akutunga madzi kumtsinje, ali yekha. Madzi ake anali olekeza m'mawondo, koma anakwana kumutenga.

Nkhaniyi imandipsetsa mtima, ndipo sindibisa. Inu amene mwavala mikanjo lero potsiriza maphunziro a pa yunivesite, mawa mudzakhala pa mipando yogawa mankhwala, feteleza ndi mabuku a ana. Kulakwitsa poyamba si mlandu, aliyense amaphunthwa. Mlandu ndi kuuona mwala umene wakupunthwitsa, n'kuukwirira ndi dothi kuti anthu asadziwe kuti unagwa. Mukadzaona dera limene lasiya kupempha, musadzati lakhuta. Dzukani pampandopo, mukafunse kuti kwatsala angati amoyo.