Mapampu Awiri a Wyson

Pa kampani ina ya zomangamanga ku Mississauga, m'dziko la Canada, injiniya Wyson Chikaonda ankadziwika ndi mawu amodzi: pampu isamakhale yokha. Ntchito yake inali kujambula mapulani a mapaipi okweza madzi m'nyumba zosanjikizana, ndipo pulani iliyonse yochoka m'manja mwake inkakhala ndi mapampu awiri, kuti imodzi ikafa inzake idzuke. Nzeru imeneyi inali yabwino pa madzi. Vuto la mkuluyu linali kuitenga kupita nayo kunyumba. Ngakhale podikira basi akaweruka, ankaima pakati pa tinyumba tiwiri todikiriramo, kuti basi iliyonse yoyamba kufika aithamangire.

Chaka chimenecho mphekesera zinayamba kuyenda m'makonde kuti ntchito zachepa ndipo ena achotsedwa. Anzake obadwira m'dzikomo ankangoti zikavuta akafuna kwina. Wyson analibe kwina. Pemiti yake yogwirira ntchito inali ndi dzina la kampaniyo, ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo chimodzi. Ntchito itatha, sakanaloledwa kugwira pena paliponse mpaka atapeza pemiti yatsopano, ndipo mapepala opempha kukhazikika ku Canada, amene iye ndi mkazi wake Zelipa anawavutikira zaka, akanagwera m'madzi. Ankaopa, ndipo mantha akewo sanali achibwana.

Mwayi unabwera wokha. Mayi Mathilda, mwini kampani yaing'ono ku North York, anamuitana, namufunsa mafunso, nakhutira naye. Anati malo alipo, ndipo loya wawo ayendetsa za pemiti yatsopano akangovomera. Munthu wina akanavina. Wyson anayamba kuwerengera zoopsa. Kampani yaing'ono ikhoza kugwa. Pemiti ikhoza kuchedwa. Wolowa pomaliza ndiye amayamba kutuluka. Koma kukhalanso pakale kunali kudikira nkhwangwa.

Zelipa, amene ankasamalira okalamba ku Scarborough komwe ankakhala, anamvetsera zonsezi akusita yunifolomu yake.

"Bambo a Sungeni, sankhani chimodzi. Mukakhala, khalani. Mukapita, pitani. Ine ndili nanu konseko."

"Injiniya sazimitsa pampu yakale yatsopano isanayambe kupopa," anayankha Wyson, akudzimva kuti wayankhula zakupsa.

Choncho kwa Mathilda sananene eya, sananene ayi. Ankangoti akuganizabe, mwaulemu wonse umene anakula nawo, uja woti kukana munthu pamaso n'kumuchititsa manyazi. Mayiyo atamuuza kuti loya sangadikire kupitirira kumapeto kwa mwezi, Wyson anamwetulira yekha. Mayi ake omubereka ankagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, ndipo iye anakulira pambali pa mulu wa zovala. Ankadziwa kuti wogulitsa akati "wina akubwera kudzatenga malayawa," ndiye kuti palibe akubwera.

Msika womwewo unamupatsa nzeru ina. Wogula wochenjera amatembenuka ngati akupita, ndipo asanafike patali amamva, "Bwerani achimwene, tikambirane." Wyson anavala jekete lake labwino n'kukagogoda kwa bwana wake, Malcolm, mzungu wofatsa wa imvi m'mutu. Anayamba ndi za nyengo, kenako anaponya mawu ngati mwangozi, kuti kampani ina ikumufuna kwambiri ndipo za pemiti zonse akonza. Ankadikira kuti bwanayo adzidzimuke, amugwire mkono, amulonjeze kuti dzina lake silidzakhudzidwa. Malcolm anangomugwira chanza, nati wakondwa naye.

Madzulo Wyson anafika kunyumba akuyenda ngati tambala. Anauza mkazi wake kuti bwana wabisa ululu ndi kumwetulira, ndipo tsopano mbali zonse ziwiri zikumulimbirana. Zelipa anangoti kuno si ku Limbe, n'kupitiriza kudula anyezi.

Mwezi unatha, wina unayamba. Tsiku lina m'mawa Malcolm anamuitana n'kutseka chitseko. Anafotokoza kuti akuluakulu amulamula kuchotsa mmodzi mwa mainjiniya awiri a zamapaipi, Wyson kapena mnzake Victor, ndipo nkhaniyi inamusowetsa mtendere kwa nthawi yaitali.

"Kunena zoona ndinkafuna kusunga inu," anatero Malcolm. "Koma Victor alibe kolowera, pamene inu munandiuza nokha kuti muli ndi kopita. Munandipeputsira katundu. Zikomo kwambiri."

Wyson anatsegula pakamwa kuti anene kuti zija zinali zamumsika chabe. Koma munthu ungayambire pati kufotokozera mzungu za kaunjika? Ulemu unamutsogolera, ndipo anadzimva yekha akuyankha kuti zikomo nanunso.

Atatuluka panja ndi katoni ya katundu wake, anali asanataye mtima. Si paja panali pampu yachiwiri? Anaimbira Mathilda n'kumuuza mwansangala kuti waganiza, wavomera. Mayiyo anapepesa. Anati tsiku lija litadutsa osamva kanthu, anaona kuti Wyson wakana mwaulemu, ndipo malowo anapatsa wina amene loya wayamba kale kumuyendetsera mapepala. Ulendo uno wogula wina uja analipodi, ndipo malaya anali atapita.

Anayenda mpaka pokwerera basi. Mutu unali kwa Zelipa, kwa mwana wawo Sungeni amene sankadziwa kwawo kwina koma kuno, ndi kwa pemiti imene inatsala miyezi yochepa, yolembedwa dzina la kampani imene yamutaya. Mvula yozizira ya mu Novembala inayamba kugwa. Inamunyowetsa jekete, inafewetsa katoni mpaka pansi pake panabooka, makapu ndi mabuku n'kugwera m'matope. Powerama kuti atole, m'pamene anaona pomwe anaima. Kumanja kunali kanyumba kodikiriramo basi, anthu ali phee, ouma. Kumanzere kunali kena, nakonso kouma. Iye, injiniya wamapepala ake, anali pakati monga mwa masiku onse. Anaseka yekha mpaka mayi wina m'kanyumbako anakokera mwana wake pafupi.

Zelipa atatsegula chitseko anaona madzi akuyenderera m'makutu mwa mwamuna wake, naona katoni yophwasuka, namvetsa zonse. Sanakalipe. Anamupatsa thaulo, n'kufunsa motsitsa mawu ngati pampu yachiwiri ija yadzuka.

"Mayi a Sungeni, palibe inafa yokha," anatero Wyson. "Zonse ziwiri ndazimitsa ndi dzanja langa."

M'mawa mwake anayamba kugogoda pa makampani, kufuna amene angavomere kumutengera pemiti nthawi isanathe. Wina akamufunsa ngati angayambe ntchito, eya ankatuluka funso lisanathe. Pokwerera basi ankalowa m'kanyumba kamodzi n'kukhala pansi, basi ina ikadutsa n'kuisiya ipite. Anaphunzira mochedwa, ndiponso ndi thupi lake lomwe, zimene akuluakulu ananena kalekale: mapanga awiri avumbwitsa.