Thumba Lomaliza la Sumie

Bambo Oikawa ankafulula mowa m'kashedi kuseri kwa nyumba yawo ku Tono. Unali mowa woyererako, wowawa pang'ono, wodziwika ndi fungo la maluwa a hopu amene akazi awo, Sumie, ankalima. Nyengo yokolola, manja a Sumie ankanunkhira ngati khoko la lalanje ngakhale atasamba.

Chaka chimene anadwala, Sumie anakakamira kuthyola thumba limodzi la maluwawo asanagone pamphasa. Nyengo yozizira isanathe, anamwalira.

Bambo Oikawa anamanga thumba lija ndi chingwe n'kuliika m'firiji.

Mlamu wawo Genzo, mchimwene wa Sumie, amene ankawathandiza kufulula, sanagwirizane nazo.

"Alamu, tiponye maluwa aja mumphika akadali ndi moyo. Duwa si mwala."

"Ayi."

"Ndiye mukudikira chiyani? Aswe anapiye?"

"Ndikafulula, atha," anatero Bambo Oikawa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anapitiriza kufulula ndi hopu wogula. Thumba lija sankalimasula, kuopa kuti fungo lingathawe. Masiku ena ankangoima pafiriji, dzanja lili pachitseko, kenako n'kubwerera kuntchito.

Zitatha zaka zisanu ndi chimodzi, achibale anapangana tsiku lokumbukira Sumie. Apa mpamene Bambo Oikawa anaitana Genzo.

"Tifulule wa Sumie."

Bambo Oikawa anamasula chingwe. Maluwa aja, amene anali obiriwira, anali atafiira ngati udzu wa padenga lakale. Anatapako, n'kufikisa m'manja monga ankachitira Sumie, n'kununkhiza. Lalanje munalibe. Munangomveka chinyezi ndi fungo la firiji.

Genzo sanaseke. Anavula kapusi n'kukhala pansi.

"Chaka choyamba chija, alamu, mudzi wonse ukanamununkhiza mlongo wanga m'kapu. Ndi inu nomwe."

Bambo Oikawa anathira maluwawo mumphika, mowa n'kupsa pa nthawi yake. Unatuluka wowawa chabe, wosalankhula kanthu kumphuno.

Tsiku lokumbukira lija, alendo atabalalika, Bambo Oikawa anatunga kapu imodzi n'kuika patsogolo pa chithunzi cha Sumie. Anagwada nthawi yaitali.

"Pepani, mayi. Ndachedwa."

Anamwa wotsalawo okha, pang'onopang'ono, akufunafuna m'kapumo chimene chinachoka kalekale thumba lili chimangire.

Akulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.