Nsomba Imene Amayi Anaiona Komaliza

Kalekale, makamera akadali odya filimu, kumapiri a Ntcheu kunali mayi wamasiye, Mayi Nankhoma, mkazi wa malemu Bambo Kalitera. Anali ndi ana atatu: Aphunzitsi Lemisoni, Mayi Rabeka amene anali telala, ndi Bambo Zakeyu, mzime.

Malemuwo pa unyamata wawo anagwira ntchito padoko la Nakala. Ankakonda kusimba kuti pansi pa nyanja yamchere pali munda wa miyala yophuka nthambi, yofiira ndi yofiirira, ndipo m'mundamo mumayenda nsomba yamtundu wa thambo, ya mchira wachikasu. Mayi Nankhoma ankailota nsombayo ikusambira pakati pa chimanga chawo. Maso awo atayamba kuchita khungu, anapempha kuti aione mdima usanatseke. Ana anawatengera kunyanjako patchuthi, atanyamula kamera.

Koma atafika anachita zimene timachita tonse. Anavala zakutchalitchi, naima chilili pamchenga, manja m'mbali, najambulana aliyense payekha, kenaka awiriawiri. Pokumbukira chimene anadzera, filimu inali itatsala malo a chithunzi chimodzi. Mayiwo kulowa m'madzi sakanatha, choncho ana anapangana zokaijambula nsombayo pansi pa madzi.

Mayi Rabeka anatenga chubu cha galimoto ndi galasi la zenera, nasokera kamera chovala. Anamata misoko ndi phula, nachiyesa m'ndowa, nasula, nasokanso, mpaka dontho silinalowe. Iwo m'madzimo sanapondemo, pakuti mafunde ankawachititsa chizungulire.

Aphunzitsi Lemisoni sankadziwa kusambira. Anagona chafufumimba m'bwato la msodzi, akusuzumira m'chitini chimene anachiika galasi kunsi. Dzuwa linawasupula msana. Pansipo nthambi zamiyala zinkaoneka ngati zikupuma, ndipo tinsomba tinkadutsa ngati masamba ouluzika. Anapenya mpaka anazindikira kuti nsomba ya bambo awo imabwerera panthambi imodzi yofiira madzi akayamba kudzaza.

Bambo Zakeyu anaphunzira kusambira mumtsinje, ndipo mchere unkawawotcha m'maso. Anamanga chingwe m'chiuno, nati kwa mkulu wawo, “Achimwene, ine pansipo ndikhala wakhungu. Ikafika, mukoke.” Anamira, nagwira mwala, naloza kamera kunthambi ija atatsinzina. Mwalawo unawacheka dzanja, chifuwa chinkafuna kuphulika, koma sanagwedezeke. Chingwe chitakoka, anadina. Anawavuula akusanza madzi.

Filimu itatsukidwa, nsomba inalimo, yatunthu, mchira uli chikasu. Mayi Nankhoma anayandikiza chithunzicho kumaso, nachipenya nthawi yaitali. Kenaka anati, “Bambo anu sankanama.” Mvula isanagwe, maso awo anatsekeka.

Tsopano sakanathanso kukhala okha. Anaitana ana, nati, “Amene anandionetsa nsomba ija, ndiye ndikakhale kwake mpaka imfa. Ndikadalitse nyumba yake.”

Mayi Rabeka anati popanda msoko wawo kamera ikanamwa madzi, ndipo anaseka alongo awo kuti mmodzi anangogona m'bwato ngati thumba la ufa. Aphunzitsi anayankha kuti mwa atatuwo ndi iwo okha amene anaiona nsombayo ili yamoyo, ndipo mphindi yake anaisankha ndi iwo. Bambo Zakeyu sanachulutse mawu. Anangotambasula dzanja la chipsera, nafunsa kuti ndani wina anatsala pang'ono kusiya moyo pansi paja.

Akulu a mpingo anakhala pansi, namva mbali zonse mwadongosolo. Wina anati atsukitse zithunzi zitatu. Mayiwo anamukumbutsa kuti zithunzi zingachuluke, koma iwo ndi mmodzi, ndipo sadzayendayenda m'makomo ngati mpando wobwereka. Akuluwo anabalalika osagamula.

Tsono inu amene mwamva, weruzani mosakondera. Wina anasoka koma sanafike pamadzi, wina anaona koma sanagwire kamera, wina anajambula atatsinzina. Kodi mayi wosaonayu agwidwe dzanja ndi ndani, kupita kunyumba ya yani?