Kwawo kwa Tiyezge

Panali munthu wina wa ku Phalombe, wowotcherera zitsulo mumzinda wa Lilongwe, amene anakonda mkazi wa ku Rumphi. Mkaziyo anali NyaLuhanga, telala wa pamsika. Chikondi chawo chinali chenicheni, osati izi zongotumizirana timitima pafoni.

Kwawo kwa mwamunayo sakwatira ndi ng'ombe. Mwamuna amapita chikamwini, ndipo ana amakhala a kuchikazi. Kwawo kwa NyaLuhanga mkazi amalowoledwa, ndipo ng'ombe zikalowa m'khola ana amakhala a kuchimuna. Munthu uja sanafune kunyoza apongozi ake. Anagwira ntchito mpaka maso kufiira ndi moto wa zitsulo, nagula ng'ombe, nakapereka. Abale ake anamuseka kuti wagula munthu ngati mbuzi, iye osalabadira. Naye mkazi analolera zambiri. Chitumbuka ankangochiyankhula kumaloto, ndipo anaphunzira kuphika kalongonda, nyemba zija zodya nkhuni tsiku lonse. Kutchalitchi ankawatchula ngati banja lachitsanzo.

Anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Tiyezge. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, bambo ake anati akamuonetse kumudzi. Ku Phalombe azakhali ake, alongo a bambo akewo, anamulandira ndi manja awiri namuphera nkhuku. Koma bambo atapempha kandime kakang'ono koti mwana azidzati apa ndi panga, azakhali anayankha mosapsatira kuti munda uja ndi wa ana awo, Tiyezge kwawo ndi kwa amayi ake. Sananame. Mwambo umatero.

Tchuthi chotsatira anapita ku Rumphi. Amalume ake nawo anapha tambala wonona. Nkhani ija itatchulidwa, anangoloza kukhola, nati ng'ombe analandira, mwana ndi wa kuchimuna. Nawonso sananame.

M'basi pobwerera, mtsikana uja anafunsa motsitsa mawu.

"Adadi, ine kwathu ndi kuti? Kulikonse akundiphera nkhuku ngati mlendo."

Abale anga, funso limenelo linamulasa munthu uja mpaka mumtima. Anachita manyazi. Anaona kuti miyambo yonse iwiri inalemekezedwa bwinobwino, koma mwana wake yekhayo anatsala panja.

Sanapite kukhoti, sanatukwane munthu. Anapangana ndi mkazi wake, natumiza mawu uku ndi uku kuti kuli nkhani yosakambika pafoni. Azakhali anakwera basi kuchokera kummwera, amalume kuchokera kumpoto, aliyense mtima uli m'mwamba. Atafika, munthu uja anawayalira mkeka pakhonde, namukhazika Tiyezge pakati pawo, nayankhula.

"Nonse awiri munandiuza ine kumbali kuti mwanayu si wanu. Lero muuzeni mwini wake, mukumuyang'ana m'maso. Yambani ndinu, achemwali."

Azakhali anamuyang'ana mtsikana uja. Anaona chipumi cha malemu amayi awo, ndi kampata ka m'mano komwe. Amalume anatsokomola, nayamba kufunafuna kanthu m'thumba la jekete, kanthu komwe kunalibe. Kenaka, pofuna kuthawa manyazi, anati mwina mwanayo angomutenga iwo, poti anthu akummwera zikuoneka kuti sakumufuna.

Pamenepo anaputa mavu nkhomola. Azakhali anadzambatuka, namanga chitenje m'chiuno, nafunsa kuti wanena ndani kuti sakumufuna. Magazi a amayi awo akasowe pogona iwo ali moyo? Munda ulipo, wa kudimba kosauma, ndipo ndime akaidula mawa lomwe. Amalume nawo osagonja ayi. M'khola muli thole lalikazi, kuyambira lero ndi la Tiyezge, pamodzi ndi malo omanga nyumba moyandikana ndi yawo. Anthu aja amene dzana ankakankhirana mwana anayamba kumulimbirana, mpaka aneba kusuzumira pampanda. NyaLuhanga analiza nthungululu misozi ili chuchuchu, ndipo tsiku limenelo anayimba m'Chitumbuka mosaopa munthu. Dzinja la chaka chomwecho Tiyezge anakalima ndime yake ku Phalombe. Ku Rumphi thole lake linakula, nalonso linabereka.

Tsono inu amene mukukwatirana masiku ano, wina wa uku wina wa uko, loleranani ndithu, n'zabwino. Koma musanadzitame kuti m'nyumba mwanu mulibe phokoso, fufuzani kaye amene wangokhala chete, chifukwa mwina mtendere wanuwo akuusenza ndi iyeyo. Ndipo mukamva wachibale akukana mwana m'dzina la mwambo, musataye malovu kukangana naye. Muyalireni mkeka, mum'bweretse mwanayo pamaso pake, mumuuze anenenso.