Che Twaibu ndi chitseko cha Shehe Lajabu

Che Twaibu anafika kwa Shehe Lajabu dzuwa lili paliwombo, nthawi imene aliyense m'mudzi mwathu ku Ntaja ankadziwa kuti shehe salandira munthu. Ikatha swala, pemphero la masana, iwo ankatseka chitseko n'kupuma mpaka swala yotsatira. Ine ndinkaphunzitsa nawo pa madrasa, ndipo mpaka lero ndimanyadira kuti ndinasulidwa ndi munthu ameneyo. Tsikulo ndinali pakhonde, ndiye ndinawapempha alendowo kuti adikire. Anadikira, koma atakwinya nkhope.

Che Twaibu ankadwazika achimwene awo amene anafa ziwalo mbali imodzi. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pamphasa, zonse ankachita okha. Alongo awo akafuna kuthandiza ankawabweza, anthu a kumzikiti chimodzimodzi. Inali ntchito yoyamikika ndithu, kungoti eniake ankayamba kudziyamikira okha ife tisanatsegule pakamwa. Koma thupi linali litayamba kukana. Anali atawonda, maso ali psuu, ndipo sabata yomweyo anali atawagwetsa odwalawo powanyamula, n'kuwang'amba pachipumi.

Shehe atatsegula, anapatsana salamu n'kukhala pamkeka.

"Shehe, mundikhululukire," anayamba Che Twaibu. "Ndabwera kuti mundipangire duwa, mundipempherere kuti Allah andiwonjezere mphamvu. Koma pali chimene chikundidabwitsa. Inu atsogoleri athu mumagona masana, anthu ali pakhomo. Ine chidwalireni achimwene sindinanenepo kuti ndatopa, ndipo palibe wina anawakhudzapo."

Kunena zoona, ine ndinapsa mtima. Shehe nkhope yawo sinasinthe.

"Simukunama, Che Twaibu, ndimagonadi. Ndikapanda kutero, madzulo ndimayankha anthu mwaukali, malangizo anga n'kupotoka. Ndine munthu wofooka. Nanga bala la achimwene lili bwanji?"

"Likupola. Linali tsoka chabe."

"Allah awachiritse. Ndifunseko, poti inu pamaliro simusowa. Tikanyamula jeneza kupita kumanda, mumalisenza mtunda wotani?"

"Pang'ono chabe, kenako ndimasiyira amene ali pambuyo panga."

"Mumakhala mutatopa?"

"Ayi, shehe. Ndi mwambo wathu. Aliyense aikepo phewa lake, apeze nawo sawabu, mphotho ya kwa Allah. Komanso munthu akakakamira akhoza kupunthwa, maliro n'kugwa pansi."

"Wokakamira ameneyo mungamutche wachikondi kuposa anzake?"

Che Twaibu anaweramitsa mutu. Ankangoyang'ana manja awo pamaondo. Ndinawamvera chisoni, mkwiyo wanga wonse n'kutha.

Shehe analankhula motsitsa mawu, ngati akuuza mnzawo wapamtima.

"Duwa ndikupangirani, koma mphamvu imene mukupemphayo Allah anakutumizirani kale. Ndi alongo anu aja, ndi anthu a kumzikiti aja, ndipo inu mwakhala mukuwabweza pakhomo. Lero madzulo muwaitane, mugawane masiku, ndipo tsiku lanu lopuma likafika mutseke chitseko mugone. Munthu wakufa, amene samva kupweteka, timalandizana pomusenza kuopa kumugwetsa. Achimwene anu ali moyo, Che Twaibu. Akagwa amamva."