Fosholo Yotsala Pakhonde

M'khitchini mwa a Bodil ku Skærbæk, ulendo wa kunyanja unakonzedwa ngati wa ukwati. Pofika Lachisanu madzulo mayiwo anali atakazinga kale timibulu ta nyama ya nkhumba, atadula buledi wakuda, mbatata za kachewere zikuzizira m'mbale. Amuna awo, a Thorkild, anali pampando, akupukuta magalasi a m'maso amene sanali akuda n'komwe.

Sunali ulendo wongopita kukasewera. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Signe, anakwatiwa ndi Malte wa ku Flensburg, kutsidya kwa malire, ku Germany. Chaka china Malte anatitimiza galimoto yake mumchenga wa pachilumba cha Rømø, kumene anthu amapita ndi galimoto mpaka m'mphepete mwa madzi. Nyanja inadzala, galimotoyo n'kumira mpaka m'zitseko. A Thorkild, amene anayendetsa basi moyo wawo wonse, anajambula chithunzi, n'kuchipachika pamsomali pafupi ndi chitseko, pomwe mlendo aliyense amakoleka jekete. Nkhaniyo inasanduka ndiwo ya phwando lililonse. Malte ankangomwetulira. Kenako Khirisimasi yapitayo mipando itatu inakhala yopanda anthu: wa Malte, wa Signe, ndi wa kamdzukulu kawo, Liva.

A Bodil ndiwo anachonderera pafoni mpaka Signe anavomera tsiku limodzi kunyanja.

"Ndimvereni bwino, Thorkild," anatero a Bodil akutseka chivindikiro. "Signe sanapite m'mbali. Akuti mukamuchititsanso manyazi mwamuna wake, Khirisimasi ino tidya awiriwiri, ndi inayo, mpaka Liva adzakwatiwe osatidziwa."

"Kuseka ndi mlandu tsopano?"

"Chithunzi chija chichoke."

"Chili m'nyumba mwanga."

"Nyumbayi ndimasesa ndine. Chichoke."

Chithunzicho chinatsika, koma chinangolowa m'kabati. Msomali unatsala pakhoma uli tuzu. A Thorkild sankaona cholakwa chilichonse. Lamlungu lililonse m'nyengo yotentha iwo ndi mnzawo Ejvind ankakhala pamipando yopinda polowera kugombe, khofi ali m'manja, kulosera mlendo amene atitimire. Chimenecho ndicho chinali tchalitchi chawo.

Loweruka m'mawa alendo anafika. Liva anathamangira agogo ake atanyamula kaiti yofiira ndi kafosholo ka pulasitiki. A Thorkild anali atalamula kale kuti onse akwere galimoto yawo, chifukwa mchenga umafuna munthu woudziwa. Malte sanatsutse. Anangotsegula kumbuyo kwa galimoto yake, n'kutulutsa fosholo ndi matabwa awiri.

A Thorkild anaima chilili. "Kodi tikupita kokaika maliro?"

"Ayi, apongozi. Ndimangoyenda nazo. Munthu ukalumidwa ndi njoka kamodzi umaopa ndi chingwe chomwe."

"M'galimoto mwanga simunalowepo fosholo."

"Ndayang'ananso pafoni. Madzi ayamba kubwerera tikatha chakudya chamasana, ndipo mphepo ya kumadzulo yakhala ikuomba sabata yonse. Akuti akwera kuposa masiku ena."

"Foniyo inabadwira kuno?"

"Bambo," anatero Signe. Liwu limodzi lokha, koma lolemera ngati mwala.

A Thorkild anakweza manja. "Sindinanene kanthu. Ndangoti malo mulibe. Muli dengu, mipando, nsalu yotchinga mphepo, kaiti."

Malo analimo. Aliyense anawaona. Malte anatsamiritsa fosholo ndi matabwa pakhonde, n'kukakhala mpando wakumbuyo, maondo atagunda chibwano.

Anawolokera ku Rømø pamsewu wodutsa panyanja, n'kutsikira pamchenga. Gombelo linali mbee, lotambalala mpaka kumene maso amalekezera. Galimoto zinali zitandanda m'mizere, makaiti ali biriwiri m'mwamba, ana akuthamangitsana ndi agalu.

"Apa pali bwino," anatero a Bodil. "Zimbudzi zili pafupi, ayisikilimu ali apo."

"Apa ndi pa alendo."

A Thorkild anapitirira galimoto zonse. Anadutsa kakhwawa kouma, kosazama, n'kukwera pachitunda chamchenga chimene chinali pafupi ndi mafunde. Anazimitsa injini n'kumenya chiwongolero ndi chikhatho. "Apa! Mwana asayende mtunda kukafuna madzi."

Malte anacheukira kakhwawa kaja, natsegula pakamwa, koma Signe anamugwira bondo. Tsikulo linali la mtendere, ndipo mtenderewo anaugula ndi kukhala chete.

Kunena zoona, m'mawawo unakoma. Liva anakumba dzenje lofuna kufika kunsi kwa dziko, kaiti inakwera, timibulu ta nyama tinatha. A Bodil anayamba kupuma ngati munthu wotula katundu. Atamwa khofi, Malte anati, "Apongozi, bwanji tisunthe galimoto, ife n'kutsala pompano?"

"Madzi ali uko. Ndikuwaona ndi maso angawa."

"Ndikunena a kumbuyo."

"Nyanja ili kutsogolo, mkamwini. Ngakhale ku Germany ndikhulupirira ndi choncho."

Ananena akuseka, n'kutsitsa chipewa kumaso, n'kugona kuseri kwa nsalu yotchinga mphepo. Koma nyanja ya kumeneko sigogoda pakhomo la kumaso. Imayamba yazembera m'makhwawa, mwakachetechete ngati mphaka.

Anadzutsidwa ndi chigongono cha a Bodil. "Dzukani, inu! Taonani!"

Kakhwawa kaja kanali kasanduka mtsinje. Madzi anali m'akakolo, akuthamanga. Anaponya katundu m'galimoto mosasankha, mchenga ndi mbale zomwe.

"Pang'onopang'ono, apongozi," anatero Malte. "Musaponde kwambiri."

Uphungu umenewu a Thorkild ankaupereka okha kwa alendo chaka ndi chaka. Koma poumva m'kamwa mwa Malte, phazi lawo linachita zake. Anaponda moto. Galimoto inalumphira m'madzi, inafika pakati, matayala n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi. Anapondanso. Galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira.

Palibe anatchula fosholo. Kusaitchulako ndiko kunawawa kwambiri.

Signe ananyamula Liva paphewa n'kuwoloka, mwanayo akulira kuti kaiti yake yatsala. A Bodil anatsatira, atakwinya siketi ndi dzanja limodzi, lina litagwira fulasiki. Malte anavula nsapato, anagwada m'madzi ozizirawo, n'kuyamba kukumba kutsogolo kwa tayala ndi kafosholo ka mwana. Kanathyoka. Anapitiriza ndi manja. Chimene ankakumba, madzi ankakwirira. A Thorkild anatuluka n'kuima pambali, madzi ali m'maondo, makiyi ali m'manja, osadziwa poyambira.

Anthu anasonkhana kutsidya, mafoni ali m'mwamba. A Thorkild ankalidziwa bwino khamu limenelo, popeza malo awo anali kutsogolo kwake nthawi zonse. Sanadziwe kuti ukaliyang'ana uli m'madzi, limaoneka mano okhaokha.

Kenako anamva mawu amene ankawaopa.

"Tapatukani ndione! Wa ku Hamburg kapena wa ku Berlin?" Anali a Ejvind, mpando wopinda uli m'khwapa. Anasuzumira, n'kuona munthu wogwada uja. "Aa! Si mkamwini wa Thorkild ameneyu? Iwe, mwana iwe, kachiwiri? Ndiye ndi galimoto ya apongozi ako! Thorkild, unamupatsiranji makiyi? Unaledzera?"

Anthu anaseka. Malte anadzutsa mutu, madzi akuchucha m'ndevu. Anayang'ana apongozi ake kamphindi, nkhalamba yonjenjemera m'buluku lonyowa, kenako anayang'ana a Ejvind.

"Eya, ndine," anatero. "Enafe sitiphunzira."

Chiseko chinakula. "Mumve! Wavomera yekha! Thorkild, kamera ili kuti? Pakhoma paja pakufunika china!"

Chitseko chothawira chinali chitatseguka, ndipo kwa kanthawi a Thorkild anaimadi pakhomo pake. Akanangokhala chete, Lamlungu akanabwerera pampando wawo ulemu uli wonse. Anayang'ana kutsidya. A Bodil anali atatembenuzira nkhope kumbali. Signe sanatembenuke. Anali chiimire, mwana ali m'manja, akuyang'ana bambo ake popanda mkwiyo, ngati munthu amene akuwerenga mtengo wa chinthu asanachibweze pashelefu. A Thorkild anadziwa kuti mwana wawoyo akuwatsanzika.

Manyazi anawakwera kuchokera m'maondo, kumene kunali madzi, mpaka m'makutu.

"Ejvind," anatero. Anakhosomola. "Ejvind! Tseka pakamwa. Ndinkayendetsa ndine."

"Ukuti chiyani? Mphepoyi!"

Anayenera kubwereza mokuwa, gombe lonse likumva. "Ndati ndine! Mnyamatayu anandiuza za madzi, ndinamunyoza. Anabweretsa fosholo, ndinaisiya pakhonde. Jambulani ine!"

Ndipo anawajambuladi. Anthu sachita manyazi ndi zoterozo. A Ejvind anayamba kuseka, n'kuona nkhope ya mnzawo, chiseko n'kuwafera m'kamwa. Anapita kukaitana mwini thirakitala.

A Thorkild anagwada pafupi ndi Malte n'kuyamba kukumba nawo, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti n'kutunga madzi ndi dengu.

"Unaneneranji bodza?" anafunsa chapansipansi.

"Ine ndinazolowera kale. Inu mukanakomoka."

"Zinkawawa chonchi?"

Malte anataya mchenga wodzaza manja. "Tsiku loyamba ayi. Madzi amauma. Zinkawawa pa Khirisimasi."

A Thorkild anangokumba.

Thirakitala inafika madzi atalowa kale m'mipando. Mwini wake anamanga unyolo, n'kuyang'ana a Thorkild kawiri. "Si inu mumakhala polowera paja ndi khofi?"

"Ndine."

"Oo." Sanawonjezere kanthu, ndipo a Thorkild akanakonda atatukwanidwa.

Galimotoyo inatuluka ikuchucha ngati ng'ombe yovuulidwa m'dambo. Sinalirenso. Mchere ukalowa mu injini, nkhani yatha. Anabwerera kwawo pabasi, ndipo woyendetsa anali mnyamata amene a Thorkild anamuphunzitsa okha ntchito. Anayang'ana buluku lawo, anayang'ana kaiti yonyowa imene Malte anaipulumutsa, n'kuti, "Takulandirani, bwana. Munakasambira?" A Thorkild anakakhala kumbuyo kwenikweni.

Atafika, fosholo ndi matabwa zinali pomwe anazisiya, zouma bwinobwino. Aliyense anazilambalala polowa. A Bodil anatenthetsa madzi, anapatsa Malte zovala za apongozi ake, n'kuika khofi patebulo popanda mwambo. A Thorkild anatsegula kabati, anatulutsa chithunzi chija, n'kuchiika patsogolo pa Malte.

"N'chako. Uchiotche, uchitaye, zili ndi iwe. Ndinakulakwira, mkamwini. Osati lero lokha."

Malte anachiyang'ana nthawi yaitali. "Inali galimoto yabwino," anatero, n'kuchitembenuza chafufumimba.

A Thorkild anatenga pulayala kuti akazule msomali.

"Usiyeni," anatero a Bodil.

"Wa chiyaninso?"

"Signe wajambula china. Chatuluka bwino, ndi chipewa chomwe."

A Thorkild anacheukira mwana wawo. Signe anali akupukuta tsitsi la Liva, osaseka.

"Chikhale pomwepo mpaka ndidzachione ndi maso anga," anatero Signe. "Tidzafika pa Khirisimasi. Mukadzachichotsa, tidzabwerera pakhomo."

Anafikadi. Mlendo aliyense wokoleka jekete m'nyumba imeneyo amakumana ndi nkhalamba ili m'madzi mpaka m'maondo, makiyi ali m'manja. Akafunsa, a Thorkild amafotokoza okha, mwachidule, makutu ali psuu. Pampando wopinda uja sanabwererenso. M'galimoto yawo yatsopano muli fosholo.

Tsoka la mnzako si sewero loonera uli pampando. Madzi amene anamiza iye sanaume, angobwerera kunyanja kukadikira. Akuluakulu anatha kale mawu: chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.